Mwana wophunzira dizaini adzadya chiyani?

Pali funso limene ife makolo okhala kunja timafunsa mwana akatiuza kuti akufuna kuphunzira dizaini, luso lija lokonza maonekedwe ndi kagwiridwe ntchito ka zinthu monga zovala, mipando, zikwangwani ndi mapulogalamu a pafoni. Funsolo ndi lakuti, adzadya chiyani? Kuno ku Dubai ndalimva kangapo, ndipo posachedwapa ndalimvanso kwa mnzanga amene mwana wake wamkazi ali m'chaka chomaliza cha maphunzirowa.

Ine ndine namwino wa dipuloma, ndipo funsoli sindilinyoza. Ambiri a ife tinalowa unamwino podziwa kuti odwala sadzatha, paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kuwonjezera apo, chilolezo choti mlendo akhale m'dziko lino nthawi zambiri chimadalira ntchito, sukulu kapena wachibale womuimirira. Mwana akamaliza sukulu alibe mudzi wapafupi woti akadikirireko mwayi akudya nsima ya agogo. Lendi nayo sidikira.

Komabe kunena kuti dizaini ndi masewera n'kusadziwa mzinda umene tikukhalamo. Dubai ili ndi dera lonse la ntchitoyi lotchedwa Dubai Design District. Kumeneko mu 2018 kunatsegulidwa sukulu ya Dubai Institute of Design and Innovation, ndipo chionetsero cha Dubai Design Week chinayamba mu 2015. Chaka chomwecho kunayambanso Global Grad Show, imene inkaonetsa ntchito za ophunzira omaliza maphunziro ochokera m'mayunivesite a maiko ambiri. Ndalama m'ntchitoyi zilipo, ngakhale opikisana nawo ndi ochuluka. Nkhawa yanga ili pena. Chaka chomaliza wophunzira amasankha ntchito imodzi yaikulu ndi kusonkhanitsa portfolio, kaundula wa zimene wapanga woonetsa kwa olemba ntchito. Mumzinda wa mahotela ndi mafuta onunkhira, mtima umathamangira kujambula botolo lokongola kapena chipinda cha anthu olemera, poti ndi zimene bwana akufuna kuona. Kodi mwanayo walakwa akatero?

Ife a m'chipatala timadziwa mtundu wina wa dizaini, ngakhale sitiutchula dzina limenelo. Kumbukirani kalamba koyezera mkono wa mwana kamene alangizi a zaumoyo amayenda nako kumudzi. Kali ndi mitundu itatu, wobiriwira, wachikasu ndi wofiira, ndipo mkono ukachepera masentimita 11.5 muyeso umagwera pofiira. Wina anakhala pansi n'kuganizira munthu woyeza ana ambiri pansi pa mtengo, amene alibe nthawi yowerengera manambala. Chitsanzo china ndi makina a Pumani, othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kuti azipuma bwino. Anayamba ngati ntchito ya chaka chomaliza ya ophunzira a Rice University ku America, mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino a chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mpweya wake unkachokera m'timapampu tofanana ndi timene amaika m'magalasi oweteramo nsomba, choncho mtengo unatsika kwambiri poyerekeza ndi makina a m'zipatala za maiko olemera. Ameneyu anali mwana wasukulu ngati wa mnzangayu, wofunanso kukhoza mayeso.

Pano pali mfundo yovuta, ndipo sindikufuna kuilumpha. Kodi n'chilungamo kuti mwana wa mayi wosauka, amene fizi yake yachokera m'mashifiti a usiku, ndiye tim'senzetse udindo wotumikira ovutika, pamene ana a olemera akujambula mabotolo a mafuta onunkhira n'kulemera kuposa kale? Ayi, si chilungamo. Mwanayo ali ndi ufulu wonse wokagwira ntchito kuhotela kapena kukampani yotsatsa malonda, alipire lendi, atumizeko kangachepe kumudzi. Palibe tchimo pokonza chinthu chokongola. Ifenso pogula chitenje sitifunsa ngati maluwa ake amachiritsa malungo.

Maganizo anga ndi akuti ntchito ya chaka chomaliza ndi yosiyana ndi zonse zimene zidzabwere pambuyo pake. Ndi nthawi yokhayo imene mwana ali ndi miyezi yambiri, aphunzitsi ndi zipangizo, koma alibe bwana kapena kasitomala womuuza chochita. Akaipereka nayonso kwa olemera, ndiye kuti wawagwirira ganyu yaulere asanam'lembe n'komwe. Komanso pa zakudya zenizenizo, masiku ano mapulogalamu a AI amatulutsa chithunzi chosalala m'kanthawi kochepa, moti portfolio yodzaza ndi zosalala zokhazokha siisiyanitsa munthu ndi anzake. Chimene kompyuta siingachite ndi kukhala masiku angapo m'chipinda chodikirira odwala n'kuona pamene anthu amasokonezeka.

Ndipo zoti aone zili pakhomo pomwe. M'dziko lino pafupifupi anthu 9 mwa 10 alionse ndi alendo. Ndimakumana ndi odwala amene sawerenga Chiarabu kapena Chingerezi, amene amalandira mankhwala n'kugwedeza mutu mwaulemu, koma sanamve ngati amwe kawiri kapena katatu pa tsiku. Palinso amuna omanga nyumba, amene lamulo limaletsa kuwagwiritsa ntchito padzuwa masana kuyambira pa 15 June mpaka pa 15 September chifukwa cha kutentha. Zovala zawo, zipewa zawo ndi malo opumira, zonsezo wina amazikonza, bwino kapena moipa.

Mwana wa mnzanga uja anandifunsa kuti, "Anti, ndipange chiyani?" Ndinamuuza kuti asanakhudze kompyuta akacheze ndi anthu asanu omwa mankhwala tsiku ndi tsiku, aone mapaketi awo, afunse amene amawawerengera. Amayi ake sanasiye kufunsa za chakudya, ndipo ndawauza kuti asasiye.