Ngongole ya Maphunziro: Kodi Mwini Wake Ndani?

Chaka chilichonse mayina a ana osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akatuluka, m'mipingo mwathu mumamveka nthungululu. Pakapita miyezi ingapo, ena mwa ana amene tinawavinira aja timawaona akungokhala pakhomo, chifukwa fizi yasowa ndipo mayina awo sanatuluke pa mndandanda wa olandira ngongole. M'tchalitchi momwemo mumakhalanso bambo kapena mayi amene anaphunzira ndi ngongole ya boma zaka makumi awiri zapitazo, ali pa ntchito yabwino, koma sanabwezepo ngakhale tambala. Anthu awiriwa amapatsana moni wa mtendere pa Misa. Kodi pakati pawo pali mlandu kapena palibe?

Tiyambe takumbutsana kumene tachokera. Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa m'chaka cha 1965, ndipo kwa zaka zoposa makumi atatu inali yokhayo ya boma. Ophunzira anali ochepa, choncho boma linkawasamalira pa chakudya ndi pogona. Cha m'ma 1985 ophunzira anayamba kusonkhapo kangachepe, ndipo amene analibe ankakongola. Lero zinthu zinasintha. Kuli Yunivesite ya Mzuzu, kuli LUANAR ku Bunda, kuli MUST ku Thyolo, ndipo m'chaka cha 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu: ya ku Zomba inasunga dzina, Polytechnic inakhala MUBAS, pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS. Ana achuluka, malo ogona sakwanira, ndipo ambiri amachita lendi kunja kwa sukulu, monga ku Chikanda ku Zomba, n'kumadziphikira okha. M'chaka cha 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board kuti lizikongoza ophunzira osowa ndi kutolera ngongole zakale, kuphatikizapo za m'zaka za m'ma 1980 zija. Lamulo limauzanso olemba ntchito kuti azidula ndalamazi ku malipiro a munthu.

Zimenezo ndi za lamulo. Ine ndikufunsa za chikumbumtima, pakuti alipo ambiri amene lamulo silinawapeze.

Osabweza ali ndi zifukwa zawo, ndipo sizopusa ayi. Ena amati ndalama za boma zilibe mwini, ndipo amakumbutsa za Cashgate ya m'chaka cha 2013, pamene ndalama zankhaninkhani zinabedwa ku Capital Hill. Amafunsa kuti, ndibweze bwanji kakobiri kanga m'thumba lobooka? Ena amati kwa zaka zambiri palibe amene anawalonjerera, ndiye ankayesa kuti inali mphatso. Enanso amati maphunziro ndi ufulu, ndipo mwana wa wosauka sayenera kuyamba moyo ali ndi katundu pamutu amene mwana wa wolemera alibe. Chifukwa chotsirizachi ndicho chimandivuta kwambiri, chifukwa muli choonadi. Ana awiri alowa kalasi imodzi, alemba mayeso amodzi. Wina atuluka ndi digiri yokha, wina atuluka ndi digiri ndi ngongole, kulakwa kwake kungokhala kuti anabadwira m'nyumba ya udzu.

Komabe taganizani za banki m'khonde, imene ambiri a ife timaidziwa bwino. Mayi akakongola m'gulu n'kuleka kubweza, amene walira si bokosi, si kope lolembamo. Walira ndi mayi mnzake amene amayembekeza kukongola mwezi wamawa kuti agule feteleza. Mayi wosabweza uja atanena kuti msungichuma ndi wakuba, tingamuyankhe kuti: ngati ndi choncho timuchotse msungichumayo, koma iwe bweza. Kuba kwa wina sikusandutsa ngongole yako kukhala mphatso. Ngongole ya maphunziro inakonzedwa mwa njira yomweyi, kuti wobweza atsegulire khomo wobwera pambuyo. Kusiyana kwake n'kwakuti m'banki m'khonde timaonana maso ndi maso, manyazi amatigwira, pamene kuno amene wamanidwa sitimudziwa dzina. Ndi mtsikana wa ku Likoma kapena ku Nkhotakota amene sitidzakumana naye. Tsono ngati chilungamo chathu chimagwira ntchito pokhapokha wolakwiridwayo akutiyang'ana, ndiye kuti timangoopa kunyozeka basi.

Ndipo ndalama zimene timati zilibe mwinizo zinachokera kwa mlimi wa fodya amene sanafike ndi Sitandade 8 yomwe, ndi kwa mayi amene amalipira msonkho pogula sopo ndi palafini. Iwowa ndiwo anaphunzitsa madokotala ndi maloya athu osawadziwa.

Nkhani ya mkazi wamasiye ya pa 2 Mafumu 4 imandithandiza. Mwamuna wake anali wa m'gulu la aneneri, munthu woopa Mulungu, koma anamwalira ali ndi ngongole, ndipo mwini ngongoleyo anafuna kutenga ana ake awiri ukapolo. Elisa sanauze mayiyo kuti aiwale za ngongoleyo popeza wokongozayo anali wouma mtima. Mafuta atachuluka, anamuuza kuti agulitse, abweze, ndipo zotsalazo adye ndi ana ake. Onani dongosolo lake: poyamba mayiyo anathandizidwa kuti akhale ndi kanthu, kenaka anabweza. Mulungu sanamulamule kubweza mbiya zili zopanda kanthu.

Apa ndi pamene tiyenera kusiyanitsa wolephera ndi wokana. Tili nawo m'makomo mwathu ana a madigiri amene atha zaka akuyenda ndi envulopu ya makalata, ena akugulitsa kaunjika, ena akuphunzitsa m'sukulu zapulaiveti pa malipiro osakwana ndi lendi yomwe. Amenewa tisawasenzetse mlandu. Chilamulo cha Mose chomwe, pa Deuteronomo 15, chinaika chaka chomasula osauka ku ngongole. Koma amene ali ndi galimoto ziwiri ndipo ana ake ali ku sukulu zolipira mamiliyoni asabisale kumbuyo kwa mnzake wosowa ntchito.

Palinso china. Ndalama yathu yakhala ikugwa mphamvu; mu Novembala 2023 mokha inatsitsidwa ndi 44 peresenti. Ngongole imene munthu anatenga m'ma 1990 inali yokwana kumuphunzitsa chaka chathunthu, koma nambala yomweyo lero mwina singagule ndi thumba la chimanga. Ngakhale ataonjezapo chiwongoladzanja, amene wabweza zimene ofesi yamuwerengera wamasuka pamaso pa lamulo, ndipo nkoyenera kumuyamika. Koma ine ndimaona kuti chimene analandira chinali mpando m'kalasi, ndipo wofuna kubweza mokwanira ayenera kufunsa kuti mpando umenewo ukugulidwa zingati lero. Wina angabweze polipirira mwana mmodzi wa mu parishi yake. Izi palibe khoti limene lingamukakamize.

Ife amene tinagwirapo ntchito m'zipatala timadziwanso ngongole ina yosalembedwa m'buku. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino ambiri ophunzitsidwa ndi dziko lino anapita ku Britain, mpaka m'chaka cha 2005 boma mothandizidwa ndi mayiko ena linakweza malipiro a ogwira ntchito zachipatala ndi 52 peresenti pofuna kuwasunga. Otsalafe tinkagwira usiku namwino mmodzi wodi yonse, odwala ena atagona pansi. Sindinawaweruze anzanga aja, pakuti malipiro anali ochititsa manyazi ndipo anali ndi ana oti adyetse. Koma ndinaona kusiyana pakati pa amene anapita n'kuiwala, ndi amene anapita koma akulipirabe fizi ya ana a kumudzi, mwinanso ya atsikana ophunzira unamwino ku St Luke's ku Malosa.

Tsono mbali yathu amayi ndi iti? Mwana akangoyamba ntchito, mndandanda umakhala utakonzedwa kale: malata a nyumba, fizi ya ang'ono ake, feteleza, chitenje cha azakhali. Zonsezi n'zabwino, ndipo mwana wolemekeza makolo ake amadalitsika. Koma ndi amayi angati amene amafunsa kuti, mwanawe, ngongole ija wayamba kubweza? Nthawi zina mwana sabweza chifukwa kunyumba samupatsa mpata wopuma. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero, koma malipiro a mwana wathu akafika timaiwala kuti kuli ana a anzathu amene akudikira ndalama yomweyo.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wa Umodzi wa Amayi ukubwerawu, nthambi iliyonse ilembe mayina a ana a mu parishi amene anasankhidwa koma ali pakhomo chifukwa cha fizi. Tikatero tikambirane ndi abambo ansembe kuti mndandandawo ufike kwa Akhristu anzathu amene anaphunzira ndi ngongole ya boma, aliyense payekha, osati powerenga mayina awo kuguwa. Ndipo amene mwana wake ali pa ntchito, amufunse funso lija sabata ino, ndipo akhale wokonzeka kudikira malata chaka china ngati yankho lake ndi lakuti sanayambe.