Usananene kuti "zili bho", wachiona chithunzicho?



Lero tilingalire funso looneka laling'ono. Mnzanu wayamba kumene kujambula zithunzi ndi foni yake. Wakuonetsani chimene wajambula pa msika wa Lizulu: mayi atakhala kuseri kwa milu ya mbatatesi ndi kabichi. Ndiye akufunsa kuti, "Ukuchiona bwanji?" Inu mukuona kuti nkhope ya mayiyo yada bii, polo ya magetsi ikuoneka ngati yamera pamutu pawo, ndipo msewu wa M1 wapendekeka ngati minibasi zitsetserekera ku Mozambique. Mumuyankha chiyani?

Ambirife tili ndi mayankho awiri okhala kale pa lilime. Loyamba ndi lokoma: "Mashallah aise, zili bho, ndiwe katswiri." Lachiwiri ndi lopweteka: "Foni imeneyi kagulitse ugule mbuzi." Anthu amati woyamba ndi wamtima wabwino koma wabodza, wachiwiri ndi wankhanza koma wonena zoona. Ine ndikuona kuti onse awiri alakwa pa chinthu chimodzi: palibe amene wachiyang'ana chithunzicho. Wina wathamangira kuti mnzake amukonde, winayo wathamangira kuti anthu aseke. Mnzawo anawapempha maso, ndipo onse awiri am'mana.

Tiyambe ndi kuyamikira kwabodza, chifukwa ndi kumene timakuyesa kosalakwa. Kujambula masiku ano si masewera okha. Achinyamata ambiri akupezerapo ya sopo ndi ya bandulo pa nikah, pa chinkhoswe, pa tsiku lomaliza sukulu. Mnzanu mukamuuza miyezi itatu kuti ndi katswiri, tsiku lina adzalandira ndalama ya banja lina kuti akajambule ukwati. Ukwati subwerezedwa ayi. Gogo amene anavala nsalu yawo yatsopano tsiku limenelo mwina chaka chamawa kulibe, ndipo chimene ana adzatsale nacho ndi chithunzi cha mbuu. Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko ku Nkolimbo, pamaso pa Inkosi ya Makhosi Gomani V, umachitika kamodzi pa chaka. Wojambula amene wabwerako ndi zishango zodukaduka ndi ovina ingoma opanda mapazi ayenera kudikira chaka chathunthu kuti ayeserenso. Pamsika tonse timadana ndi wogulitsa amene amaika tomato wabwino pamwamba, woola n'kubisa pansi pa mulu. Nanga mawu athu akakhala okoma pamwamba, zoona tabisa pansi, tasiyana naye pati?

Tsono kunyoza. Wonyoza amadzitchinjiriza ndi mawu akuti, "Ine ndimanena zoona basi." Koma mvetserani bwino zimene wanena. "Chithunzi chonyasa" si zoona zimene munthu angagwire nazo ntchito. Sizikumuuza kuti aime pati mawa, kapena ajambule nthawi yanji. Zikungomuuza kuti asiye. Ndipo ambiri amasiyadi.

Ku Bamako, dziko la Mali, kunali mnyamata wina, mwana wa kalipentala, dzina lake Seydou Keïta. Mu 1935 wachibale wake wina anam'bweretsera kamera yotchipa ya Kodak Brownie kuchokera ku Senegal. Sanapite ku sukulu ya zojambula. Anaphunzira poyesa komanso pofunsa amene anam'tsogolera pa ntchitoyo. Mu 1948 anatsegula situdiyo yake, ndipo ankajambula anthu pabwalo la nyumba ndi kuwala kwa dzuwa, kumbuyo atapachika nsalu yamaluwamaluwa. Mu 1991 zithunzi zake zinaonetsedwa ku New York popanda n'dzina lake lomwe. Iye anamwalira mu 2001, koma mu 2016 nyumba yaikulu ya zionetsero ya Grand Palais ku Paris inadzaza ndi ntchito yake. Sindikunena kuti aliyense wogwira foni ku Kampepuza adzakhala Keïta. Ndikunena kuti pa chithunzi choyamba palibe amene angadziwe, ndiye wonyoza akugamula mlandu umene umboni wake sunafike.

Pali mawu amene timawamva kawirikawiri pa mzikiti: nasiha. Imam Nawawi, amene anamwalira mu 1277, anaika hadisi yokamba za nasiha pa nambala 7 m'buku lake lotchuka la mahadisi 40. Timakonda kumasulira mawuwa kuti malangizo, koma akatswiri a Chiarabu amawagwirizanitsa ndi ntchito ziwiri zamanja. Yoyamba ndi kuyeretsa uchi pochotsa phula. Yachiwiri ndi ya telala posoka chovala chong'ambika. Taganizirani telalayo. Sanganene kuti malaya ali bho pamene ang'ambika pamapewa. Sangawaponyenso kudzala n'kumaseka mwini wake. Amawatambasula, napeza pamene pang'ambika penipeni, n'kulowetsa singano pomwepo, osati pena. Ndipo za uchi zija zikutifunsa za mumtima: mawu angawa ndawachotsa phula la kaduka, la kudzionetsera, la kufuna kukondedwa?

Choncho ngongole yoyamba imene tili nayo kwa wotionetsa chithunzi ndi kuyang'ana. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chigwireni chithunzicho ngakhale mphindi imodzi yathunthu musanatsegule pakamwa. Dzifunseni: mnzangayu anaona chiyani kuti aime n'kutulutsa foni? Diso langa likuyamba kugwera pati? Pamenepo ndi pamene iye ankafuna? Mukatero mupeza zinthu zonena zimene zili zoona komanso zothandiza, ndipo mupeza kuti zolakwika sizili za mtundu umodzi.

Zina ndi za dzuwa. Ntcheu ili pafupifupi madigiri 15 kummwera kwa ikweta, ndipo chakumayambiriro kwa Novembala ndi Febuluwale dzuwa la masana limadutsa paliwombo penipeni. Kuwala kochokera pamwamba chonchi kumaika mithunzi m'maso ndi pansi pa chibwano, munthu n'kumaoneka wodwala. Mankhwala ake si foni yatsopano. Ndi kujambula m'mawa kapena dzuwa litapendeka, kapena kumuimika munthu pamthunzi wa khonde atayang'ana kumene kukuchokera kuwala. Ngakhale nkhungu ya m'mawa ya mwezi wa Juni ku Tsangano, imene ena amati imaononga zithunzi, imafewetsa kuwala bwino kwambiri.

Zina ndi za makina. Foni imayeza kuwala kwa chithunzi chonse. Kumbuyo kukakhala thambo lowala, imachepetsa kuwala kuti thambolo lioneke, ndiye nkhope ya munthu wakuda imamira mumdima. Vuto limeneli ndi lakale: kwa zaka zambiri kampani ya Kodak inkayezera mitundu ya zithunzi pa makadi otchedwa Shirley, okhala ndi nkhope ya mayi wachizungu. Mnzanu muuzeni kuti adine pa nkhope ya munthuyo pa sikirini asanajambule, foni iyezere kuwala pamenepo. Apukute kagalasi ka kamera, chifukwa mafuta a zala ndi amene amachititsa mbuu nthawi zambiri. Asakoke chithunzi ndi zala kuti chiyandikire, chifukwa mafoni ambiri amangodula ndi kutambasula, chithunzi n'kuphwanyika. Ayende ndi miyendo. Ovina akatuluka ngati utsi madzulo, ndi chifukwa kamera imatsegula nthawi yaitali kukakhala mdima, ndiye chilichonse choyenda chimafufutika.

Zina ndi za diso la wojambula: polo yomera pamutu, mapazi odulidwa, msewu wopendekeka. Izi zimatha ndi kusuntha phazi limodzi kapena awiri, ndi kuyang'ana m'makona onse anayi asanadine.

Koma zina si zolakwika n'komwe, ndi zokonda zanu chabe. Inu mumakonda mitundu yowala, iye amakonda yozizira. Apa chilungamo chikufuna kuti munene kuti "ine ndikanakonda", osati "walakwitsa". Kusandutsa zokonda zako kukhala lamulo ndi bodzanso, lobvala mkanjo wa uphunzitsi.

Ndipo musakhuthule zonse tsiku limodzi. Tchulani chimodzi chimene chagwira ntchito, ndi chifukwa chake: "Manja a mayiwa pa mbatatesi ndi amene andigwira, akuonetsa ntchito." Kenako chimodzi chimene chingasinthe kwambiri, ndi njira yake: "Nkhope yada chifukwa dzuwa lili kumbuyo kwawo. Ukadzapitanso, zungulira kuti likhale kumbuyo kwako." Munthu amatha kusenza chimodzi. Mukam'patsa khumi, atula zonse.

Wina anena kuti, "Ine si wojambula, ndine ndani kuti ndidzudzule?" Winanso, "Amene wajambulayu ndi mkulu kwa ine." Pano tikumbukire Ibn al-Haytham, amene anabadwira ku Basra cha m'ma 965 n'kumwalirira ku Cairo cha m'ma 1040. M'buku lake la Kitab al-Manazir anaonetsa kuti timaona chifukwa kuwala kumalowa m'diso, osati chifukwa diso limatulutsa kuwala monga ankaphunzitsira Ptolemy wa ku Alexandria. Anafotokozanso mmene kuwala kumadutsira pa kabowo n'kuonekera pakhoma la chipinda chamdima, ndipo mawu oti kamera amachokera ku mawu a Chilatini otanthauza chipinda. Munthu yemweyu analemba buku lina, al-Shukuk ala Batlamyus, lotchula zokayikitsa m'mabuku a Ptolemy, amene dzina lake linali litalemekezedwa zaka zoposa 800. Sanam'nyoze, komanso sanamuope. Anamuwerenga mosamala, n'kuloza pamene mfundo zikutsutsana, ndi chifukwa chake. Ufulu wodzudzula sunachokere pa msinkhu kapena pa udindo. Unachokera pa kuwerengako. Inunso simufunika satifiketi kuti munene kuti, "Achimwene, diso langa likuthawira pa chigubu chofiira chili pakonacho, osati pa mwanayo." Mwanena zimene mwaona, ndipo wojambula aliyense amafuna kudziwa zimenezo.

Komabe si chithunzi chilichonse chimene chikupempha kudzudzulidwa. Mchemwali wanu akakuonetsani chithunzi cha mwana wake wakhanda, sakufunsa za mithunzi. Akukugawirani chimwemwe, ndipo yankho loona ndi kukondwera naye ndi kum'pangira dua mwanayo. Kudziwa kusiyana kwake ndi mbali ya kuyang'ana komweko. Ngati simukudziwa, funsani: "Ukufuna ndingosangalala nawe, kapena tione pokonza?" Funso limeneli limapulumutsa ubale wambiri.

Pali malo amodzi okha pamene sitidikira kufunsidwa. Pa chithunzi pamakhala anthu atatu: wojambula, woonera, ndi wojambulidwa. Wachitatuyu nthawi zambiri palibe pamene tikukambirana, ndiye alibe womulankhulira. Mayi wa pamsika uja anavomera kujambulidwa? Akudziwa kumene nkhope yawo ikupita? Nanga mwana wa eni wovala zong'ambika, wodwala misala ali m'mbali mwa msewu, munthu wovulala pa ngozi ya pa M1 amene abale ake sanamve n'komwe? Chithunzi chotere chikhoza kukhala ndi kuwala kwabwino, chowongoka, chogwira mtima, koma n'kukhala chobedwa. Tikamayamikira luso lake n'kusiya funso la chilolezo, taphunzitsa mnzathu kuti ulemu wa munthu ndi wotchipa kuposa chithunzi chokongola. Apa nasiha ndi kunena kuti, "Ichi usachifalitse." Ndi mawu ovuta kuposa onse, chifukwa kawirikawiri chimakhala chithunzi chimene mwini wake amachinyadira kwambiri.

Mawu ngati amenewa anenedwe pambali. Mwambi wathu umati wakutsina khutu ndi mnansi. Kutsina khutu kumachitika munthu ali pafupi, mwakachetechete, ena osaona. Chilangizo chomwecho chikanenedwa pagulu chimasanduka chamanyazi, ndipo munthu amayamba kuteteza nkhope yake m'malo momva. Chikanenedwa mwini wake kulibe, chasanduka miseche, ndipo chithunzi sichinakonzeke ngakhale pang'ono.

Kwa inu amene mumajambula, pali gawo lanunso. Musafunse kuti "chili bwanji?", chifukwa funso lotere limabala "zili bho". Funsani kuti, "Diso lako layamba kugwera pati?" kapena "Ndichotse chiyani?" Ndipo mukapeza munthu mmodzi amene amachedwa kuyankha chifukwa akuyang'anadi, amene amatha kukuuzani kuti ichi ayi popanda kukuchepetsani, m'sungeni. Anthu oomba m'manja ndi ambiri, oseka ndi ambirinso. Wopereka mphindi yake kuti aone zimene inu munaona ndi wosowa.

Sabata ino wina akuonetsani kanthu kamene wapanga ndi manja ake. Mwina chithunzi, mwina diresi loyamba kusoka, mwina kalata yofunsira ntchito. Musafulumire. Yang'anani kaye, kenako nenani chimodzi choona chimene angachigwiritse ntchito mawa.

Allah atipatse maso odekha ndi lilime loona. Wassalamu alaikum.