Za Chibwenzi cha M'tseri

Abale okondedwa a ku Lizulu ndi midzi yozungulira Mlanda, tili nawo mawu pa za ana athu aakazi.

Pa msika wa Lizulu msewu ndiwo malire: kuno Malawi, tsidya ilo Mozambique. Tsono mnyamata wodzagula kachewere akhoza kulonjeza namwali ukwati lero, mawa n'kuwoloka msewu, osaonekanso. Namwaliyo atsala ali ndi pakati, ndipo amalume ake sadziwa khomo lakuti akagogodepo. Izi taziona, ndipo mitima yathu iwawa.

Ku America kuli Akhristu otchedwa Amish, amene makolo awo anapatukana ndi anzawo m'chaka cha 1693 potsata Jakob Ammann. Iwo sakhala ndi magalimoto, ayenda pa ngolo za akavalo. Mwa mwambo wawo wakale, mnyamata akafuna mkazi atuma dikoni kwa makolo a namwali, ndipo ukwatiwo uyamba walengezedwa mu mpingo usanamangidwe. Kodi dikoniyo sindiye nkhoswe yathu yomwe?

Ngakhale Abrahamu, pa Genesis 24, anatuma mtumiki wake kwa abale a Rebeka, nkhani nikambidwa poyera. Mwana wathu, wokufunsirayo akakana kutchula mudzi wake ndi amalume ake, usalandire ngakhale mpango wake; ukauze amayi ako tsiku lomwelo.