Lamborghini ya Apapa ndi Mtengo Wotsata Yesu



Mthenga Wabwino wa Lamulungu lino (Luka 14:25-33) supatsa mtendere. Khamu la anthu likutsata Yesu, ndipo m'malo mokondwa ndi kuchuluka kwawo, Iye akutembenuka n'kuwauza mawu oti ena akhoza kubwerera nawo panjira. Akupereka fanizo la munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuwerengera kaye ngati chuma chake chingamufikitse kumapeto, kuopa kusiyira pa maziko n'kusanduka choseketsa cha odutsa. Ife a m'tauni fanizoli sitisowa wotimasulira. Nyumba zimene zinaima pa mawindo zilipo zambiri m'madera mwathu, zina mpaka mitengo inamera pabalaza. Koma lero tiliwonere pa chinthu china chimene achinyamata athu amachilota kuposa nyumba: galimoto yapamwamba ya liwiro.

Mu Novembala 2017, akuluakulu a kampani ya Lamborghini ya ku Sant'Agata Bolognese m'dziko la Italy anafika ku Vatican ndi mphatso ya Papa Francis. Inali galimoto ya mtundu wa Huracán, yoyera, ya mizere yagolide potsata mitundu ya mbendera ya Vatican. Injini yake ndi ya masilinda 10, ndipo ikanyamuka imafika pa liwiro la makilomita 100 pa ola m'masekondi osakwana 4. Apapa anaidalitsa, nasaina dzina lawo paboneti, basi. Sanaisunge. Inatumizidwa kukagulitsidwa, ndipo pa okushoni ya ku Monaco mu Meyi 2018 ogula anapikisana mpaka mtengo unafika pa mayuro 715,000. Vatican inali italengeza kale kuti ndalamazo zikathandiza kumanganso nyumba ndi matchalitchi a akhristu a m'chigwa cha Nineveh ku Iraq, amene anathawa m'midzi yawo mu 2014 itagwa m'manja mwa zigawenga za ISIS. Zina zinali zoti zithandize amayi opulumutsidwa kwa ozembetsa anthu, ndiponso mabungwe awiri a ku Italy ogwira ntchito zachifundo kuno ku Africa.

Achinyamata akamva nkhaniyi amafunsa funso limodzi: "Koma inali yaulere, bwanji osangoisunga?" Funso labwino. Yankho lake n'lakuti galimoto yotere siikhala yaulere, ngakhale makiyi ake utapatsidwa m'manja osalipirapo tambala.

Taonani zimene imafuna kwa mwini wake. Imafuna sevisi chaka chilichonse, ngakhale itangoyenda maulendo asanu okha. Injini yake siili kutsogolo ngati ya Corolla, kumene makaniko amangotsekula boneti n'kuona zonse. Ili kumbuyo kwa woyendetsa, yopanikizika pakati pa mapaipi ndi mawaya, moti kungosintha oyilo kumafuna kuikweza m'mwamba, kumasula zotchinga za kunsi, ndi kutsekula malo angapo otulutsira oyilo wakaleyo. Eni Ferrari F355, imene inkapangidwa kuyambira 1994 mpaka 1999, amaudziwa bwino ululu umenewu. Malamba oyendetsa mavalavu a injini yake amayenera kusinthidwa pakangopita zaka zochepa, ndipo njira imene kampani inakhazikitsa ndi yotsitsa injini yonse pansi. Lambayo ndi wotsika mtengo. Chodula ndi masiku amene makaniko amathera pa ntchitoyo. Ukati uzengereze, lamba akaduka injini ili pa liwiro, mapisitoni amawomba mavalavu, ndipo injini imene inali yabwinobwino m'mawa imasanduka zitsulo zongounjika madzulo.

Matayala ake ndi aakulu m'lifupi, a labala wofewa kuti azigwira msewu pokhota, ndipo chifukwa cha kufewako amatha msanga. Mabuleki a magalimoto ambiri otere ndi a carbon-ceramic, ndipo kuwasintha onse anayi kungathe ndalama zoposa zimene ambiri a ife tinagulira galimoto zathu zochokera ku Japan. Ikadwala, makaniko wa pansi pa mtengo sangaigwire, pakuti imafuna kompyuta ya kampani yake kuti inene chimene chavuta. Munthu wa kuno atakhala nayo, pena angafunike kuikweza pathiraki mpaka ku Johannesburg, ndipo masipeya ake angawalipire ndi ndalama zakunja zimene mabanki athu amapereka movutikira. Pamwamba pa zonsezi pali inshuwaransi. Za mahampu ndi maenje a m'misewu yathu sindinenapo zambiri. Galimoto imene mimba yake imachita ngati ikukhudza phula ingalire tsiku loyamba lomwe.

Wina anganene kuti, "Ndiye ndingoitsekera m'galaja, ndiziyang'ana." Apa m'pamene pali phunziro limene limandigwira mtima kwambiri. Galimoto yotere ikangoima imawonongeka. Batire limatha m'masabata ochepa, n'chifukwa chake eni ake amalilumikiza ku magetsi usana ndi usiku. Matayala amaphwatalala mbali imene yagunda pansi. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho cha mumpweya ndipo amafunika kuwasintha pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, kaya wayenda kaya sunayende. Timalabala totseka oyilo timauma n'kuyamba kudontha. Petulo amaguga m'thanki, makoswe n'kumanga chisa m'mawaya. Pa Mateyo 6:19-21 Ambuye anatchula njenjete, dzimbiri ndi mbala monga adani a chuma cha pansi pano. Akanalalikira lero m'tauni yathu ino, ndikhulupirira akanatchulanso batire.

Ndiye pali nthenda ina: kuwonjezera. Munthu wagula galimoto imene mainjiniya anaikonza kwa zaka, koma pakangotha miyezi ingapo wayamba kuiona ngati yochepa. Aika ekizozi yaphokoso, asintha malimu, aitsitsa pansi kuposa mmene inalili, alowetsa pulogalamu yatsopano mu kompyuta ya injini kuti mphamvu ichuluke. Mphamvu ikachuluka kutentha nako kumachuluka, kilatchi imatha msanga, ndipo chikawonongeka chokhudzana ndi zosinthazo kampani ikhoza kukana kulipira. Chodabwitsa n'chakuti pogulitsa, imene ili monga inachokera ku fakitale ndiyo kawirikawiri imagulidwa modula. Kampani ya Ferrari ili ndi nthambi yake yotchedwa Ferrari Classiche, imene imayeza galimoto zakale poyerekeza ndi zolembedwa za ku fakitale, n'kupereka chikalata kwa imene sinasokonezedwe. Munthu amalipira kuti asinthe, kenako wina amalipiranso kuti abwezeretse. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tsono musandimve molakwa. Kusirira ntchito yokongola ya manja a anthu si tchimo. Nzeru zimene zimapangitsa kuti masilinda 10 aphulike motsatana popanda kuphonya ndi mphatso ya Mlengi, ndipo mabanja ambiri ku Italy amadya chifukwa cha mafakitale amenewa. Papa John Paul II, yemwe uja anatiyendera kuno ku Malawi mu 1989, anali atacheza ku Ferrari chaka cha 1988, ndipo anazungulira bwalo lawo loyeserapo magalimoto la Fiorano atakwera Ferrari yopanda denga, akudalitsa anthu. Mu 2005 kampaniyo inamupatsa Ferrari Enzo ya nambala 400, yomaliza pa mtundu wake, ndipo nayo inagulitsidwa kuti ndalama zithandize okhudzidwa ndi tsunami ya mu Disembala 2004. Apapa awiri, galimoto ziwiri, ndipo palibe amene anaitemberera. Onse anangodziwa kuti moyo wawo unali utaperekedwa kale kwina, ndipo munalibe malo a mbuye wachiwiri.

Komanso tisadzitonthoze kuti nkhaniyi ndi ya anthu a ku Monaco. Pabwalo la tchalitchi chathu palibe Lamborghini, n'zoona, koma mtima suyang'ana chizindikiro cha paboneti. Alipo pakati pathu amene anaitanitsa galimoto pa ngongole asanawerengere msonkho, inshuwaransi, COF ndi mafuta, ndipo lero fizi ya ana ikudikira kuti giyabokosi ikonzedwe kaye. Alipo amene analowa katapila kuti asaoneke akutsika kabaza pa geti la ofesi. Alipo abambo amene Loweruka lonse amathera pa kutsuka ndi kupukuta galimoto, koma mwana akaikhudza ndi manja a mango amakalipiridwa ngati waba. Kwa ena si galimoto: ndi foni, ndi puloti, ndi ukwati wa pa holo yodula, ndi digiri yachiwiri. Mu Julayi 2013 Papa Francis anauza ophunzira unsembe ndi usisteri kuti zimamupweteka akaona wansembe kapena sisteri ali m'galimoto ya mtundu waposachedwa, ndipo anawalangiza kusankha yonyozeka. Ife akhristu eni ake timakonda kuwatchula mawu amenewo tikamakamba za ansembe athu. Kawirikawiri timaiwala kudzifunsa nawo.

Komabe, pali chinthu chimene mwini galimoto ya liwiro amatiposa, ndipo ndicho chimene ndikufuna mupite nacho kunyumba. Iye sanamizira. Amadziwa kuti chimene amachikonda n'chodula, ndipo amalipira. Ali ndi kabuku ka sevisi kodindidwa tsamba ndi tsamba, ndipo amakasunga mosamala chifukwa galimoto yopanda mbiri ya sevisi ogula amaithawa. M'mawa sathamangitsa injini oyilo asanatenthe. Kaphokoso kachilendo kakamveka kunsi, sagona. Mawa lake ali kale ku galaja, sadikira kuti kakule. Amawerenga za galimoto yake, amasonkhana ndi anzake okonda zomwezo, amazungulira njira yaitali kuti apewe hampu imodzi. Palibe amene amamukakamiza, ndipo simudzamumva akudandaula kuti malamulo achuluka.

Ife tinalandira ubatizo monga Apapa analandirira galimoto ija: mwaulere. Ambiri tinali makanda, sitinasaine pena paliponse. Chaulere cha Mulungu sichigulidwa, ndipo palibe mtulo kapena chachikhumi chimene chingachilipire. Koma Yesu pa Mthenga wa lerowu sakutibisira kuti kukhala nacho kudzatidya. Akutchula makolo, mkazi, ana, abale, moyo wathu weniweniwo, mtanda, ndipo pomaliza zonse zimene tili nazo. Sakutiuza kuti tidane ndi a m'banja mwathu monga ife timamvera liwu limenelo. M'kalankhulidwe ka Ayuda a nthawi imeneyo, kumeneko kunali kunena za amene akhale patsogolo zinthu zikawombana. Ndipo zimawombanadi. Zimawombana pa desiki pamene mkulu wa pa ntchito akufuna siginecha yako pa malisiti abodza. Zimawombana pamene banja likuti tikaombeze chifukwa matenda akana kuchipatala. Zimawombana pamene kukhululukira mlamu wako kukutanthauza kutaya ndalama zimene sizidzabweranso. Wogulitsa magalimoto amayamba ndi liwiro, za sevisi n'kuzinena pomaliza ngati wafunsidwa. Yesu akuyamba ndi bilu.

Tsono kabuku kathu ka sevisi kali bwanji? Mpingo umapempha zochepa zedi: Misa tsiku la Mulungu, kulapa kamodzi pachaka, kulandira Ukaristia pa nyengo ya Pasaka. Amenewo ndi malire a pansi, ngati kungothira oyilo kuti injini isagwire. Koma alipo a ife amene tsamba lomaliza kudindidwa ndi la tsiku la ukwati. Chikhulupiriro chathu tinachiimika m'galaja, tinachifunditsa nsalu, n'kumaganiza kuti tsiku la maliro kapena la matenda tidzangotembenuza kiyi. Tsikulo likafika timapeza batire linafa kalekale, ndiye timati Mulungu watisiya. Kaphokoso kaja tinakamva: kamkwiyo kamene sikanathe, kabodza kamene kanazolowereka, uthenga wa pa foni umene sitifuna kuti akunyumba auone. Tinangokweza wailesi.

Nako kuwonjezera kuja tili nako. Pemphero la m'mawa ndi madzulo tinalisiya, koma tikusaka mafuta odzozera a mneneri wakuti, madzi a m'botolo, ulosi wa pa WhatsApp. Tikufuna chikhristu cha phokoso lalikulu chimene maziko ake sanakonzedwe.

Sabata ino ndikupempha chinthu chimodzi chimene Mthenga Wabwino womwewu ukutiuza: kuwerengera. Tengani pepala. Lembani chinthu chimene mwezi wathawu chinadya kwambiri ndalama zanu, maola anu ndi tulo tanu, kupatula chakudya, lendi ndi fizi. Pambali pake lembani zimene munapereka ku pemphero, kwa odwala a mu mphakati mwanu, ndi kwa a m'nyumba mwanu. Musaonetse munthu ngati simukufuna, koma okwatira mungachite bwino kuliwerenga awiri. Mukapeza kuti pali chofunika kuchitsitsa pansi ngati injini ya F355 ija, bambo mfumu alipo, ndipo sakramenti la kulapa silidikira nyengo ya Lenti.

Ndipo inu amene mwabwera pa galimoto m'mawa uno, kaya ndi Vitz kaya ndi Prado, potuluka muyang'ane pa geti. Pali agogo ndi amayi a ana akhanda a kudera kwanu komweko amene ayenda wapansi kubwera ku Misa, ndipo mipando yanu yakumbuyo ilibe anthu.