Kuona maso a nkhono n'kudekha

Nkhono ukaikhudza imabweza tinyanga take, maso n'kubisala. Wofuna kuwaona amakhala phee mpaka iwatulutse yokha. Makolo anaona pamenepa kuti chinthu sichidziulula kwa munthu waphuma, ndipo lero phuma limeneli lalowa m'kamera ya pafoni.

Kuli mapulogalamu, monga Nuru ya PlantVillage, amene amayang'ana tsamba la chinangwa kapena chimanga n'kukuuza chimene chavuta. Koma tsamba lomwelo la chimanga m'munda wa ku Msekera, kunja kwa Chipata, limaoneka mosiyana m'mawa, masana ndi madzulo. Maso athu amakonza okha kusiyanaku. Kamera imangowerenga. Kadontho kalikonse ka chithunzi imakasunga ngati manambala atatu, a kufiira, kubiriwira ndi buluu, kuyambira 0 mpaka 255. Njirayi ndi RGB. Mtambo ukaphimba dzuwa, manambala atatu onsewo amatsika, pomwe tsamba silinasinthe n'komwe.

Akatswiri anapeza njira zolekanitsira mtundu ndi kuwala. HSV imaika mtundu pawokha, kulimba kwa mtunduwo pawokha, kuwalanso pawokha, kotero mthunzi umagwedeza kwambiri nambala yomalizayo. CIELAB, imene bungwe la CIE linakhazikitsa mu 1976, ili ndi L ya kuwala, a yoyenda kuchoka pa kubiriwira kupita pa kufiira, ndi b kuchoka pa buluu kupita pa chikasu. Chimanga chikachita chikasu posowa feteleza, a ndi b ndi amene amaulula.

Komabe nzeru imeneyi ili ndi malire. Imapirira kuwala kukachepa, koma imasokonezeka kuwalako kukakhala ndi mtundu wakewake. Dzuwa lofiira la madzulo lingachititse tsamba lathanzi kuoneka lodwala. N'chifukwa chake ofufuza amaika kapepala koyera pambali pa tsamba, kuti kompyuta idziwe mtundu wa kuwala isanaweruze. Amayi a pamsika wa Kapata ku Chipata amachita zomwezo akamatulutsa chitenje pakhomo la sitolo kuti achione padzuwa asanapereke ndalama.

Makina amayankha m'kuphethira kwa diso, ndiye kudekha kwatsalira kwa wogwira foni. Ayembekeze kuwala kwabwino, ajambule masamba angapo a m'mizere yosiyana, atembenuze tsamba aone kunsi kwake, afunsenso alangizi asanataye ndalama pa mankhwala a matenda amene kulibe.