Khutba ya Ijumaa: Miyendo Yomangika ndi Udindo wa Jamaa

Kutamandidwa konse n'kwa Allah, Mwini moyo ndi mphamvu, amene amapereka ndi kulanda mwa nzeru Zake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse. Inu akapolo a Allah, tiyeni timuope Allah poyera ndi mseri.

Lero tikamba za matenda amene ambiri a ife sitiwadziwa dzina. Madokotala amawatcha konzo, mawu a Ayaka a ku Congo otanthauza miyendo yomangidwa. Abale athu a ku Nampula amati mantakassa. M'chaka cha 1981, chilala chitakula m'chigawo chimenecho, anthu oposa 1,000 anauma miyendo, ambiri mwa iwo ana ndi amayi a msinkhu wobereka.

Gwero lake lili m'chakudya chimene nafenso timadalira. Chinangwa chowawa chili ndi chiphe, ndipo chiphecho chimachoka chinangwa chikaviikidwa m'madzi masiku okwanira mpaka kufewa, kenako n'kuyanikidwa bwino. Koma njala siidikira masiku. Mayi amakumba lero, mawa n'kusinja, ana n'kumadya kondowole yekhayekha masabata ambiri, popanda usipa, nyemba kapena mtedza zothandiza thupi kuchotsa chiphecho. Tsiku lina mwana amene dzulo ankathamanga amadzuka miyendo ili gwa, akuyendera zala za kumapazi, mawondo akugundana. Mitsempha yochokera ku ubongo, yotsikira mu msana kukalamula miyendo, yawonongeka, ndipo siibwereranso. Wina adzayendera ndodo imodzi, wina ziwiri, wina adzakwawa moyo wake wonse.

Matendawa sapatsirana. Wothamangira kwa sing'anga kukafunsa amene walodza mwana wataya ndalama ya ndiwo, ndipo waika imani yake pakamwa pa shirk. Mayi wake tisamuloze chala. Amene sanagonepo ndi njala nthawi imeneyo ndiye amafulumira kuweruza. Tiphunzitsane kuti ufa wokayikitsa tiziusakaniza ndi madzi, n'kuuyala mopyapyala pa lichero maola 5 pamthunzi kapena maola 2 padzuwa tisanaphike. Kuteteza moyo ndi chimodzi mwa zolinga zikuluzikulu za Shariah.

Nanga amene miyendo yake inamangika kale? Taganizirani mtsikana amene sangapite yekha kumjigo, amene ayenera kudzutsa mnzake usiku kuti amperekeze kuchimbudzi, amene tsiku lililonse amawerenga pankhope za abale ake ngati atopa naye. Kupempha kosatha kumeneku kumalemera kuposa miyendoyo.

Allah anamupepukitsira. Imran bin Husayn atadwala, Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) anamulola kuswali chokhala, ndipo akalephera, chogona cham'mbali. Wosatha kufika pa madzi, wopandanso womubweretsera, achita tayammum. Wodwala amene sangafike kumzikiti alibe tchimo posiya Ijumaa. Komatu ife tatenga chifundo cha Allah pa iye n'kuchisandutsa chilolezo chathu chomuiwalira. Itban bin Malik maso ake atafooka, chigwa chikasefukira ankalephera kufika kumzikiti wa anthu ake. Anapempha Mtumiki kuti adzaswali m'nyumba mwake, ndipo Mtumiki anapita yekha, pamodzi ndi Abu Bakr. Ife ndi liti tinapondako pakhomo la m'bale amene sitinamuone pa safu chaka chonse?

Palinso kulakwa kwina kumene kumavala nkhope ya chikondi. Amr bin al-Jamuh anali wotsimphina kwambiri, ndipo ana ake anafuna kumuletsa kupita ku Uhud. Mtumiki anamuuza kuti Allah sakumukakamiza, koma anawauzanso anawo kuti asamutsekereze. Ife timamuganizira wolumala zonse, kumuyankhulira iye ali pomwepo, kumusungira ndalama yake osamufunsa. Pa nkhani ya nikah ndiye timangoti zii, ngati mtima nawonso unauma.

Tiyang'ane mzikiti wathu uno. Pakhomo pali masitepe. Pochitira udhu pamafunika kunjuta, ndipo pansi pake ndi poterera. Wa ndodo akalowa, ena timayang'ana mkeka m'malo moyankha salamu yake. Matumba ochepa a simenti akhoza kusalaza khomolo, mpando umodzi kumapeto kwa safu ndi wina pochitira udhu sizingatisaukitse. Pogawa zakaat, tikumbukire kuti chikuku, makina osokera kapena mpamba wa geni zimamasula munthu wosauka wotere kuposa thumba la ufa la mwezi umodzi. Koma tiyambe tamufunsa mwini wake chimene akufuna.

Tikatsiriza swala, aliyense wodziwa khomo limene muli m'bale kapena mlongo wosatha kufika kuno auze muadhini, kuti akomiti agawane makomowo Ijumaa ikubwerayi isanafike. Alongo athu achite chimodzimodzi kumbali kwawo.