Kodi Tili ndi Ngongole kwa Wamalonda wa Kwathu?

Aliyense amene amayenda pa msewu waukulu wa M1, kuchokera ku Lilongwe kulowera ku Kasungu, waona ndi maso ake m'mene Mponela wakulira. Pamalo pamene kale masitolo anali owerengeka, lero pali mizere ya magolosale ndi maokala, zigayo, mabanki, malo omwetsera galimoto mafuta, nyumba zogona alendo, ndiponso anyamata a kabaza osawerengeka. Nkhani yomweyo tiipeza pa Lunzu, pa Lizulu, pa Jenda ndi m'malo ena ambiri a malonda m'dziko lathu lino. Ndipo kulikonse kumene malo otere akukula, eni masitolo ali ndi pempho limodzi kwa ife: gulani kwanu konkuno, musamakwere minibasi kukasiya ndalama zanu ku tauni, pakuti ndalama ikatsala pamudzi imamanga mudzi. Boma nalo lidanenapo mawu ofanana ndi amenewa mu 2016, pamene lidakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi, yolimbikitsa anthu kugula katundu wopangidwa m'dziko momwe muno.

Pempho limeneli ndi lokoma m'makutu, koma ife Akristu tiyenera kuliyesa bwino tisanalivomere. Kodi mayi amene wamanga timakwacha tochepa pa nsonga ya chitenje chake ali ndi udindo pamaso pa Mulungu wogula mchere ndi sopo kwa mnansi wake, ngakhale akudziwa kuti kwina mtengo ndi wotsikirapo? Kapena mawu akuti "gulani kwanu" ndi nyambo chabe ya amalonda, imene aiveka chovala cha chibale?

Tiyambe ndi zimene zili zoona m'pempho lawolo, pakuti zilimo. Ndalama imene tasiya pa golosale ya mnansi siigona pomwepo. Mawa ilipira mmisiri amene adakhoma mashelefu, mkuja ipita kwa telala, kenaka kwa mayi wogulitsa tomato, ndipo ina tidzaiona m'mbale ya chopereka tsiku la Mulungu. Papa Benedict XVI, m'kalata yake ya mu 2009 yotchedwa Caritas in Veritate, adatikumbutsa kuti kugula chinthu si nkhani ya chuma yokha ayi, komanso ndi ntchito imene chikumbumtima chili ndi mawu pa iyo. Kumene tasiya ndalama yathu, tathandiza wina kuti aime, ndipo wina tamusiya.

Koma chachikulu koposa ndi kope lija lakuda ndi mafuta limene limakhala pansi pa kauntala, kope la ngongole. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe ili mbee, chimanga chisanache, ndani amatipatsa ufa, mchere ndi kandulo kuti tidzalipire tikakolola? Mwana akatentha thupi usiku, timagogoda pa chitseko cha yani? Sitolo yaikulu ya mu mzinda ili ndi katundu wokongola ndi mitengo yolembedwa bwino, koma siidziwa dzina lathu, ndipo siidzabwera pa maliro athu. Wagolosale wa kwathu ndiye amene amatumiza shuga ku siwa, ndipo kawirikawiri galimoto yake yonyamulira katundu ndiyo imene imanyamula bokosi. Zimenezi sizilembedwa pa mtengo wa sopo, koma zilimo ndithu mu mtengowo.

Tsono kodi tinene kuti mayi uja wachimwa akapita kogula motsika mtengo? Iyayi. Thomas Aquinas Woyera, pophunzitsa za chikondi, adalongosola kuti chikondi chili ndi dongosolo lake: tiyenera kukonda anthu onse, koma amene ali pafupi nafe kwambiri, amene Mulungu adawaika m'manja mwathu, ndiwo oyamba kuwasamala. Wagolosale ndi mnansi, inde, koma mwana ndi mnansi wapafupi koposa. Pamene ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabanja ambiri adayamba kuwerengera supuni za shuga. Kuuza banja lotere kuti liwonjeze ndalama pa thumba la ufa pofuna kutukula malo a malonda, ndiko kusenzetsa wosauka katundu amene Mulungu sadamusenzetse. Mayi amene asunga makwacha angapo kuti mwana adye, wachita ntchito yake ya ukholo, ndipo palibe wansembe kapena wamalonda woti amdzudzule.

Chosalungama chili pena, ndipo ambiri a ife tikuchidziwa bwino. Fodya kapena soya akagulidwa, m'thumba muli kanthu, timavala bwino, kukwera minibasi, kukagula zonse ku Lilongwe ndi ndalama ya pamanja. Ndalamazo zikatha, m'pamene timakumbukira kuti tili ndi mnansi, ndipo timapita kwa iye manja ali m'mbuyo, kukalembetsa m'kope. Phindu lathu timapatsa amene satidziwa, umphawi wathu timapatsa amene amatidziwa. Ena timafika poti ngongole ikakula, timasintha njira yopitira ku chigayo kuti tisadutse pa golosaleyo. Timaokala tambiri timene tidatsekedwa m'midzi mwathu sitidaphedwe ndi masitolo aakulu a ku tauni. Tidaphedwa ndi abale, alamu, ndi Akristu anzake a mwini okala, amene adadya mpamba wake pang'onopang'ono, iye akuchita manyazi kuwakumbutsa. Pa malamulo khumi a Mulungu, lachisanu ndi chiwiri silinena za wothyola nyumba usiku yekha. Ngongole imene tili nayo mphamvu yobweza koma sitibweza ili pansi pa lamulo lomwelo, ndipo Eklezia sadasinthe chiphunzitso chake chakuti kulapa tchimo lotere kumayenda limodzi ndi kubweza. Apa ndiye pali ngongole yeniyeni kwa wamalonda wa kwathu: amene timamthamangira pa nthawi ya njala, tisamlambalale pa nthawi ya zokolola.

Komabe chingwe chimenechi chili ndi nsonga ziwiri. Wamalonda amene atiitana ndi dzina la chinansi wavomera yekha kuti ayesedwe ndi muyeso wa chinansi. Mneneri Amosi, m'mutu 8 wa buku lake, adadzudzula amalonda a nthawi yake amene ankaona ngati tsiku la Sabata likuchedwa kutha, amene ankachepetsa muyeso, kukweza mtengo, kunyenga ndi sikelo, mpaka kugulitsa ndi mungu womwe wa tirigu. Mawu amenewo angalalikidwe pa msika uliwonse wa m'dziko muno popanda kusinthapo kanthu. Tonse tikuidziwa sikelo yopachika pa mtengo nthawi ya zokolola, imene thumba la mlimi limapepuka likangofikapo. Tikuidziwa ndowa yoponderezedwa pansi pogulitsa, ndi inzake yofutukuka pogula. Tikumdziwa amene amabisa shuga kuseri akamva kuti akusowa, kudikira kuti mtengo ukwere. Amene amakongoza feteleza mwa katapila. Amene amasunga mtsikana wa kumudzi pa kauntala kuyambira m'mamawa mpaka usiku, malipiro ake n'kukhala nsima ndi malonjezo. Boma limalengeza chaka ndi chaka mitengo yoyambira kugulira mbewu, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lili ndi ntchito yoyesa masikelo. Koma ogwira ntchito m'bungwelo sangaime pa mtengo uliwonse wa m'mudzi. Pamene iwo palibe, chotsala ndi chikumbumtima cha mwini sikelo.

Eklezia sadana ndi phindu. Aquinas yemweyo adavomereza kuti wamalonda apeze phindu loyenera, loti asamalire banja lake, athandize osauka, ndi kulipidwa pa thukuta lake lobweretsa katundu pafupi ndi anthu. Amene wakapikula katundu ku Lilongwe, walipira galimoto, lendi ndi msonkho wa pa msika, sangagulitse pa mtengo umene adagulira. Chimene adakana ndicho kugulitsa chinthu mopitirira mtengo wake woyenera chifukwa chakuti wogulayo wapanikizika ndipo alibe kwina kopita. Wamalonda amene amadyera anansi ake masuku pamutu alibe chifukwa chodandaulira akawaona akukwera minibasi.

Pali funso lina lovuta kuposa onsewa, limene amalonda sakonda kulifunsa poyera: tikamati "wa kwathu", tikunena yani? Dziko lathu lidayesapo kale kuyankha funso limeneli ndi lamulo. M'zaka za m'ma 1970, Boma la Dr. Banda lidalamula amwenye kuti achoke m'malo a malonda a kumidzi, ndipo pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda m'mizinda yokha monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Cholinga chinali chakuti Amalawi atenge malo awo. Ena adatengadi, koma ambiri analibe mpamba wokwanira ngakhale njira zopezera katundu, ndipo masitolo ochuluka adatsala mabwinja. Achikulire akukumbukira m'mene munthu ankayendera mtunda wautali kufuna nsalu kapena msomali umene kale ankaupeza pafupi, ndipo makhonde a masitolo amenewo ena akadaonekabe m'mbali mwa misewu yathu. Ngakhale masitolo a PTC, amene adayamba mu 1973 nafalikira m'maboma ambiri, adatsekedwa mu 2022. Kuchotsa mlendo sikudaphunzitse mwini mudzi malonda.

Ndipo nkhaniyi si yakale yokha. M'boma lomwelo la Dowa, m'mene muli Mponela, muli msasa wa Dzaleka, umene udatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu othawa nkhondo kwawo, ndipo pofika 2023 unali ndi anthu opitirira 50,000, kuposa kutalitali chiwerengero chimene udamangidwira. M'chaka chimenecho Boma lidalamula kuti othawa kwawo onse okhala kunja kwa msasa abwerere ku Dzaleka, ndipo ambiri a ku Burundi, Rwanda ndi Congo amene anali ndi timasitolo ku Lilongwe ndi kwina adatengedwa ndi apolisi, masitolo awo n'kutsekedwa. Za malamulo a dziko tisiyire ozidziwa. Ife tikufunsa za mtima: angati mwa ife adaomba m'manja, osati chifukwa cha lamulo, koma chifukwa chakuti amene ankatsegula sitolo m'mamawa kuposa ife, nagulitsa motsikirapo, wachoka? Tidaiwala msanga kuti mu 2008 ndi mu 2015, pamene alendo ankamenyedwa ndi kulandidwa katundu ku South Africa, ana athu omwe adabwerera kuno pa mabasi ali chimanjamanja, ndipo mawu amene ankawathamangitsira anali omwewa, akuti ntchito ndi malonda ndi za eni dziko. Chaona mnzako chapita, adatero makolo, mawa chili pa iwe.

Pamene katswiri wa Malamulo adafuna kuti Ambuye Yezu amlembere malire a chinansi, Iwo adamuyankha ndi fanizo la Msamariya, munthu wa mtundu wina, amene adasanduka mnansi chifukwa cha zimene adachita. Tikatsata fanizo limeneli pa msika, wamalonda wa kwathu ndi amene sikelo yake ndi yoona, amene amalipira antchito ake, amene amatikongoza pa njala ndi kulira nafe pa maliro, kaya adabadwira ku Dowa kaya ku Bujumbura. Yosefe Woyera, pamene adathawira ku Ejipito ndi Mwana ndi Amayi ake, anali mmisiri wachilendo pakati pa amisiri eni dziko, ndipo banja lake lidafunikira kudya.

Otsiriza kuwatchula ndi amene kukula kwa malo a malonda kumawapondereza. Walira mvula walira matope. Malo akamakula, mtengo wa puloti umakwera, ndipo minda imene idadyetsa mabanja mibadwo ingapo imagulitsidwa tsiku limodzi, ndalama zake n'kuthera m'mabala amene amakula limodzi ndi masitolo. Lendi imakwera, ndipo telala wokalamba amene adakhala pa khonde limodzi zaka zambiri amauzidwa kuti asamuke. Mayi wa tomato ndi zitumbuwa, amene ankagulitsa pamalopo masitolo asanamangidwe, amayamba kuoneka ngati wodetsa pakhomo pa sitolo yatsopano. Ambiri akukumbukira m'mene mavenda adachotsedwera m'misewu ya m'mizinda mu 2006; ukhondo ndi dongosolo ndi zabwino, koma kawirikawiri amene amalipira mtengo wake ndi amene mpamba wake wonse umakwana m'beseni limodzi.

Eni masitolo akakhala pansi ndi akuluakulu a khonsolo kukambirana za malo, za misonkho ndi za poimika galimoto, mayi ameneyu sakhalapo. Nthawi imeneyo ali m'mbali mwa msewu, beseni lili pamutu, akuthamangira minibasi imene yangoima. Malo amodzi amene iye ndi mwini sitolo yaikulu amakhala pa mphasa imodzi, aliyense ndi ufulu wolankhula, ndi pa msonkhano wa mphakati. Pamenepo timakambirana za masika, za mtulo ndi za yunifolomu ya kwaya. Za sikelo, za kope la ngongole, ndi za malo a mayi wa tomato pa msika, sitikumva kuti zimafika kawirikawiri pa mndandanda wa zokambirana, ngakhale wogula, wogulitsa ndi wokongola onse amakhala ali pomwepo.